Kafukufuku pakati pa eni nthaka: mafunso amene Amalawi a ku Joni amafunsa

Chaka ndi chaka ku Johannesburg kumafika ana a ku Malawi odzachita maphunziro apamwamba ku mayunivesite a Wits ndi UJ, ndipo ena mwa iwo mitu ya kafukufuku wawo imawatengera kwa eni nthaka a dziko lino: Asan, Anama, Agriqua ndi ena. Palinso anzathu amene sali pasukulu, koma ofufuza amawapeza kutchalitchi, kumzikiti kapena pamalo a ganyu atanyamula mafomu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera tikamacheza za nkhaniyi. Ndayankha ngati munthu amene wagwirapo ntchito yotanthauzira ndi yofunsa mafunso pa kafukufuku, ndipo maganizo anga sindibisa: nzeru, mawu ndi magazi a anthu zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ayenera kukhala ndi chonena kuyambira tsiku losankha mutu mpaka tsiku losindikiza.

Kodi eni nthaka amene tikunenawa ndi ndani kuno ku South Africa?

Ndi Asan ndi Akhoi (monga Anama ndi Agriqua), amene makolo awo anali kuno kalekale, Azulu, Asuthu ndi azungu asanafike. Pakati pa Asan a m'dziko lino pali magulu atatu odziwika. A ‡Khomani amakhala kum'mwera kwa chipululu cha Kalahari, ndipo anabwezeredwa gawo la malo awo mu 1999. A !Xun ndi a Khwe amakhala ku Platfontein, pafupi ndi Kimberley. Iwowa anachokera ku Angola ndi ku Namibia, ndipo anabwera nawo ndi asilikali a boma la tsankho mu 1990. Asan ena ambiri ali ku Botswana ndi ku Namibia.

Ife Amalawi sitiri alendo kwenikweni pa mbiri yotereyi. Agogo athu ankasimba za Akafula, Abathwa aja, amene Achewa anawapeza m'dziko. Zina mwa zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, ndi za manja awo.

N'chifukwa chiyani anthuwa amakayikira ofufuza? Ife timangofuna kuphunzira.

Amene anabwera inu musanabwere ankanenanso chimodzimodzi. Sarah Baartman, mayi wa Chikhoi, anamutengera ku London mu 1810 kuti anthu azilipira ndalama poona thupi lake. Atamwalira ku Paris mu 1815, katswiri wa sayansi Georges Cuvier anang'amba mtembo wake, ndipo mafupa ndi ziwalo zina zinakhala m'nyumba yoonetsera zakale ya mumzindawo. Anabwerera kwawo mu 2002 ndipo anaikidwa m'manda ku Hankey pa 9 Ogasiti chaka chomwecho. Werengani nokha zaka zimene mayiyu anakhala wopanda manda. Klaas Pienaar ndi mkazi wake Trooi, nawonso eni nthaka, anafukulidwa m'manda mu 1909 pofuna kukwaniritsa kafukufuku wa Rudolf Pöch wa ku Austria, ndipo mafupa awo anabwerako ku Vienna mu 2012.

Musaganize kuti izi zinkachitika kutali kokha. Inu amene mumaphunzira ku Wits, mukamadutsa ku West Campus mumaona nsanja yaitali ija ya Tower of Light. Inamangidwa chifukwa cha chionetsero cha Empire Exhibition cha 1936, pabwalo la Milner Park. Pachionetsero chimenecho panali msasa wa Asan ochokera ku Kalahari, amene anabwera nawo Donald Bain kuti anthu a m'tauni aziwaonerera. Akatswiri a payunivesite, mmodzi wa iwo Raymond Dart, anawayeza matupi ndi kuumba zifaniziro za nkhope zawo. Zidzukulu za anthu amenewo zilipo, ndipo ndi zimene mukukazifunsa mafunso lero.

Nkhani ya 2010 ndiyo imandigwira mtima kwambiri, chifukwa ndi ya dzulodzuloli ndipo ofufuzawo anali ndi mapepala awo. Magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa majini (DNA, zimene thupi limatengera kwa makolo) a akuluakulu anayi a Chisan a ku Namibia pamodzi ndi a Desmond Tutu. Ofufuza anati akuluakuluwo anavomera ndiponso makomiti oona za kafukufuku analoleza. Atsogoleri a Asan anadandaula kuti iwo sanafunsidwe, kuti m'zolembazo munali mawu onyoza mtundu wawo, ndi kuti zinthu zokhudza mtundu wonse zinaulutsidwa kudziko lonse lapansi potengera kuvomera kwa anthu anayi. Majini a munthu mmodzi amanenanso za abale ake amene sanasaine chilichonse.

Komiti ya kuyunivesite yandipatsa kale chilolezo. Kodi sichokwanira?

Ayi. Chilolezo chimenecho n'chofunika ndipo simungayambe popanda icho, koma n'cha kusukulu kwanu. Anthu a ku Platfontein sanakhale nawo pamsonkhano umene unachipereka.

Mu Malichi 2017 Asan a ku South Africa anakhazikitsa malamulo awoawo a kafukufuku, San Code of Research Ethics, ku Cape Town. Anali oyamba mwa eni nthaka a mu Africa kuchita zimenezi. Malamulowo amafuna zinthu zinayi kwa wofufuza: ulemu, kunena zoona, chilungamo ndi chisamaliro. Chachisanu ndi kutsata njira: pempho lanu lipite ku San Council ya dziko lino musanayambe, iwo aliwerenge, afunse mafunso awo, avomere kapena akane. Kumapeto kwa malamulowo kuli pempho la mtsogoleri wawo Andries Steenkamp, amene anamwalira mu 2016, loti ofufuza azilowera pakhomo osati pawindo. Mmalawi aliyense akumva zimenezi popanda womumasulira. Kwathu mlendo amaima pabwalo n'kuodira, ndipo salowa mpaka mwini nyumba atayankha.

Atsogoleri akavomera, ndiye kuti aliyense m'mudzimo wavomera?

Apa m'pamene ophunzira ambiri ochokera kwathu amaterereka, chifukwa tinazolowera kuti amfumu akanena, nkhani yatha. Chilolezo cha atsogoleri chimakulolani kulowa m'mudzi basi. Munthu aliyense amene mukufuna kucheza naye ali ndi ufulu wake wokana, ndipo ayenera kudziwa kuti akakana sipakhala mlandu, kaya kwa inu kaya kwa atsogoleri ake.

Ndinaziona ndi maso anga pakati pa Amalawi anzathu kuno. Mapemphero atangotha m'kaholo kena kamene mpingo umachita lendi, abusa anaimirira n'kunena kuti pabwera mlendo wochokera kusukulu ina, tonse timuthandize. Mafomu anayenda m'mizere, bolopeni imodzi ikudutsa m'manja mwa anthu, ndipo aliyense anasaina. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi, mwana ali kumsana, atasaina anandinong'oneza kuti, “Achimwene, kodi tasainazi ndi za chiyani? Sizipita ku Home Affairs?” Papepala mayiyo anavomera. Mumtima mwake anali ndi mantha, ndipo anasaina chifukwa abusa anali kuyang'ana. Ngati mwapita kudzera mwa mtsogoleri, pemphani kuti iye asakhalepo pamene anthu akusankha, ndipo mupatseni munthu aliyense mpata woti akaganize kunyumba.

Onaninso amene atsogoleriwo akukulozerani. Akakhala amuna okhaokha achikulire, funsani za amayi ndi achinyamata.

Nanga agogo amene sadziwa kuwerenga, kapena samva Chingerezi?

Fomu imasuliridwe m'chinenero chimene munthuyo amalankhula kunyumba. A ‡Khomani ambiri lero amalankhula Chiafrikaans. Chinenero cha makolo awo, N|uu, chatsala pakamwa pa anthu ochepa zedi, ndipo mayi Katrina Esau a ku Upington atha zaka zambiri akuphunzitsa ana kuti chisafe. Ku Platfontein mudzafuna womasulira wa Chi!xun kapena Chikhwedam. Womasulirayo muzimulipira, ndipo dzina lake lioneke m'zolemba zanu ngati iye akufuna.

Kudinda chala kokha sikutsimikizira kanthu. Werengani mokweza, pang'onopang'ono, kenaka apempheni agogowo akufotokozereni m'mawu awoawo zimene amva: mukufuna chiyani, zipita kuti, adzaziona ndani. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti inuyo simunafotokoze bwino, yambiraninso. Pakhale mboni imene agogowo asankha okha. Ndipo kamakina kojambulira mawu kakhale poonekera, pamphasa pakati panu, kuti akafuna kuti muzimitse athe kuloza.

Timamva za kugawana phindu. Kodi zinayamba zachitikapo zenizeni?

Zinachitika, ngakhale movutikira. Hoodia ndi chomera cha m'chipululu chimene Asan ankadya paulendo wosaka kuti asamve njala ndi ludzu. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la boma la sayansi la CSIR, limene likulu lake lili ku Pretoria, linatenga umwini wa mankhwala ochokera m'chomeracho ndi kupereka chilolezo ku kampani ya ku Britain ya Phytopharm kuti ipange mankhwala ochepetsa thupi. Asan sanauzidwe. Nkhani inaphulika m'nyuzipepala mu 2001, ndipo mu 2003 panasainidwa mgwirizano woti Asan azilandira 6 peresenti ya ndalama zimene CSIR ingapeze pa malonda ndi 8 peresenti ya zolipira za m'kati mwa ntchitoyo. Mankhwala aja sanafike pamsika, makampani akuluakulu anachokamo, ndipo ndalama zimene zinafika kwa Asan zinali zochepa. Komabe khomo linatseguka.

Rooibos, tiyi wofiira uja timagula m'mashopu monsemu, amalimidwa cha ku Cederberg. Mu Novembala 2019 makampani a rooibos anavomera kuti nzeru yogwiritsa ntchito chomerachi inachokera kwa Akhoi ndi Asan, ndipo anagwirizana zopereka 1.5 peresenti ya mtengo umene mlimi amagulitsira. Ndalama yoyamba, yoposa pang'ono R12 miliyoni, inaperekedwa mu 2022.

Kumbuyo kwa zonsezi kuli malamulo. Pangano la mayiko la Nagoya la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limanena kuti wofuna kugwiritsa ntchito zomera ndi nzeru za makolo ayambe wapempha ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu. South Africa ili ndi lamulo la zachilengedwe la 2004 limene limafuna pemiti pa ntchito yotereyi, ndi lamulo la 2019 loteteza nzeru za makolo. Ngati kafukufuku wanu akukhudza mankhwala azitsamba, khalani pansi ndi aphunzitsi okuyang'anirani muone malamulowa musanathyole tsamba ngakhale limodzi.

Ine ndine mwana wasukulu, ndalama ya lendi ku Braamfontein ikundivuta. Ndigawana nawo phindu lanji?

Palibe amene akuyembekezera mamiliyoni kwa inu. Koma digiri imene mukufunayo ndi phindu, ndipo idzakudyetsani moyo wanu wonse. Funsani anthuwo chimene iwo angafune. Ena amafuna makope a mawu a agogo awo kuti ana adzamve. Ena amafuna kuti achinyamata awiri atatu aphunzire kugwira kamera ndi kulemba pakompyuta, alandireko kangachepe, adzakhale ndi chosonyeza pofuna ntchito. Ena ali ndi funso lawo limene akufuna liyankhidwe, la madzi, la malo kapena la sukulu, ndipo mukhoza kuliphatikiza m'ntchito yanu. Amene wataya tsiku lake kucheza nanu mumubwezere ya thiransipoti ndi ya nthawi yake, mwa muyeso umene komiti yavomereza, osati wochuluka moti munthu wanjala alephere kukana.

Choipitsitsa ndi kulonjeza zimene simungathe. Musanene kuti kafukufuku wanu abweretsa chipatala kapena mjigo. Nenani zoona: ndidzalemba, ndidzabweranso kudzakuuzani zimene ndapeza, ndipo lipotilo mukhoza kupita nalo kumene mukufuna.

Magazi, zithunzi ndi mawu amene ndajambula ndi za ndani?

Mwazisunga ndinu, koma si zanu zoti muchite nazo chilichonse. A Havasupai, eni nthaka a ku Grand Canyon, ku America, anapereka magazi cha m'ma 1990 pokhulupirira kuti akufufuzidwa za matenda a shuga amene ankawavutitsa. Pambuyo pake anazindikira kuti magaziwo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a maganizo, kukwatirana pachibale ndi kumene mtundu wawo unachokera, zinthu zimene sanavomere ndipo zina zinkatsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Mlandu unatha mu 2010: a Arizona State University analipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsala.

Tsono gwirizanani poyambirira, ndipo mulembe: zinthuzi zisungidwa kuti, kwa zaka zingati, wololedwa kuziona ndani, zingatuluke m'dziko kapena ayi, ndipo wina akadzafuna kuzigwiritsa ntchito pa funso latsopano adzapempha kwa yani. Lamulo la POPIA la dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu payekha. Eni nthaka a m'mayiko osiyanasiyana anaona kuti zimenezo sizikwana, ndipo mu 2019 anatulutsa mfundo zotchedwa CARE, zimene zimanena kuti mtundu wonse ukhale ndi ulamuliro pa zosonkhanitsidwa zokhudza iwo. Chithunzi cha mwana wa eni ake musachiike pa Facebook chifukwa choti chaoneka bwino.

Ndipo inu a zachipatala mukudziwa mmene nkhani ya magazi ilili yovuta kwathu. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera mu 2017. Pamene anthu sauzidwa bwino kumene magazi awo akupita, mantha amadzaza malowo, ndipo amene amavutika pambuyo pake ndi azaumoyo osalakwa.

Akandiuza zachinsinsi, kodi ndingazilembe? Zingakometse kwambiri pepala langa.

Mchewa safunika kuphunzitsidwa zimenezi. Gule Wamkulu anadziwika ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo pabwalo aliyense amaonerera. Koma za kudambwe ndi za olowa okha, ndipo za kutsimba ndi za anamkungwi ndi anamwali awo. Mukanamva bwanji mlendo atacheza ndi amalume anu atamwa, n'kukasindikiza zonsezo m'buku logulitsidwa ku London? Asan nawonso ali ndi magule awo ochiritsa, mankhwala awo, manda ndi malo awo opatulika. Kuti munthu wakuuzani chinthu sizitanthauza kuti wakulolani kuchiulutsa. Mwina wakuuzani chifukwa wayamba kukuonani ngati mwana wapakhomo. Bwererani mukamufunse padera: ichi ndilembe kapena chikhale pakati pathu? Akati chikhale, chichotseni, ngakhale chikhale chokoma chotani.

Koma ine ndine wakuda, Mwafirika mnzawo. Zonsezi si za azungu?

Ndimalimva funsoli kawirikawiri, ndipo yankho langa silisangalatsa onse. Khungu silikupatsani chilolezo. Mukafika ku Kalahari ndi galimoto ya yunivesite, laputopu m'chikwama ndi Chingerezi pakamwa, ndinu wofufuza ngati wina aliyense. Asan anaponderezedwa ndi azungu, inde, koma ananyozedwanso ndi kulandidwa malo ndi anthu akuda anzawo m'mayiko angapo a m'chigawo chino. Chimene Umalawi wanu ungakuthandizeni ndi khalidwe limene munakula nalo: kupereka moni mofatsa, kulandira ndi manja awiri, kusadula mawu wamkulu, kukhala chete pamaliro. Mukapeza kuti m'mudzi mwagwa zovuta, tsekani kope lanu mukakhale nawo pasiwa.

Nanga ifeyo Amalawi a ku Joni, ofufuza akatipeza, ufulu wathu ndi wotani?

Sitiri eni nthaka kuno, koma zambiri mwa mfundozi zimatitetezanso, ndipo tili ndi chifukwa chokhalira tcheru. Mu 1986 a Chamber of Mines, bungwe la eni migodi, anayeza magazi a ogwira ntchito m'migodi, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti kachilombo ka HIV kanali kochulukirapo pakati pa Amalawi. Patangopita nthawi pang'ono panabuka mkangano wa kuyeza anthu asanalembedwe ntchito, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo, njira ya Theba n'kutsekeka. Mabanja ambiri a kwathu amakumbukira zimenezi. Zotsatira zimene zamatidwa pa dzina la mtundu wonse zimapweteka ngakhale amene sanayezedwe.

Choncho munthu akabwera ndi mafunso ku Mayfair, ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, mufunseni: mwachokera sukulu iti kapena bungwe liti? Kalata ya komiti ili kuti, ndipo nambala ya foni yodandaulirako ndi iti? Dzina langa lilembedwa? Muli ndi ufulu wokana funso lililonse, makamaka la mapepala, la pasipoti ndi la mmene munawolokera pa Beitbridge. Mukhoza kusiya pakati popanda kupereka chifukwa. Pemphani kuti akulankhuleni m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka ngati Chingerezi chikuvuta, ndipo akusiyireni kope la pepala limene mwasaina. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso amenewa.

Inu atsogoleri a mipingo, a mizikiti ndi a mabungwe a maliro, musamapereke mndandanda wa mayina ndi manambala a anthu anu kwa mlendo. Lengezani kuti pali wofufuza, siyani nambala yake, wofuna amuimbire yekha.

Kafukufuku wanga ndikachitira kumudzi ku Malawi. Chilolezo cha kuno chigwira ntchito?

Mudzafunikanso cha kwathu. Za umoyo zimadutsa ku National Health Sciences Research Committee kapena ku komiti yoona za kafukufuku ya Kamuzu University of Health Sciences (imene ambiri amaidziwa kuti COMREC), ndipo National Commission for Science and Technology ndiyo imayang'anira kafukufuku m'dziko lonse. Mukatero mupite kwa a DC, kwa a T/A, mpaka kwa anyakwawa. Kwanu kwenikweni n'kumene muyenera kusamala koposa, chifukwa azakhali anu sangakukanireni ngakhale asakufuna, ndipo mukalemba za “mayi wina wamasiye wogulitsa kachasu” mudzi wonse udziwa kuti ndi ndani.

Ndikamaliza kulemba, iwo n'kutsutsa zimene ndapeza, nditani?

Choyamba, apatseni mpata woti atsutse. Bwererani musanasindikize, itanani msonkhano, fotokozani m'chinenero chawo, osati kungotumiza fayilo ya masamba mazana atatu pa imelo. Nthawi zambiri adzakukonzani pamene munamva molakwa, ndipo pepala lanu lidzakhala labwino kuposa kale. Pamene mwasiyana maganizo zenizeni, simukakamizidwa kunama. Lembani zimene mwapeza, lembaninso kuti eni ake akuona mosiyana ndi zifukwa zawo. Pamene akuti mawu ena ndi onyoza kapena adzawabweretsera mavuto, amvereni, chifukwa amene adzakhale ndi zotsatirazo ndi iwo, inu mutabwerera ku Johannesburg. Njira yothetsera kusamvana koteroko muigwirizane pachiyambi ndipo ilembedwe.

Zonsezi zitenga nthawi yaitali, pamene ndalama ya sukulu ndi ya zaka ziwiri zokha. Ndingatani?

N'zoona, zimatenga nthawi. Atsogoleri a eni nthaka sakhala m'maofesi kudikira kalata yanu; ali ndi ntchito zawo, ndipo misonkhano yawo imachitika patalipatali. Lembani kalata yoyamba mwezi womwe mwayamba kuganiza za mutu, pamene mafunso anu akadali osinthika, kuti iwo athe kuikapo awo. Mubajeti yanu muike maulendo osachepera atatu: wokadzionetsa, wokagwira ntchito ndi wokapereka zotsatira. Muikemonso malipiro a womasulira ndi ndalama yosindikizira lipoti lalifupi m'chinenero chawo. Funsani m'dipatimenti yanu ngati alipo mphunzitsi amene ali kale paubale ndi anthuwo, mulowe pansi pa mgwirizano wake. Ngati mwawerengera n'kuona kuti nthawi ndi ndalama sizikwana kuchita zonsezi, chepetsani mutu wanu kapena sankhani wina umene mungaugwire ndi zolembedwa zimene zili kale poyera.